Celestron Nature DX 8x42: magalasi oonera patali oyenera m'mitsinje ya ku Dedza

Timitsinje totsika m'phiri la Dedza ndi m'nkhalango ya Chongoni timadutsa pansi pa mikuyu ndi m'mabango, malo amdima ngakhale dzuwa litatuluka. Magalasi abwino kumeneko si okulitsa kwambiri ayi, koma olowetsa kuwala kokwanira. Pamenepa Celestron Nature DX 8x42 ndi yokhoza.

Nambala 8 ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi kasanu ndi katatu, pomwe 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Mukagawa 42 ndi 8 mupeza 5.25, ndiko kukula kwa kuwala kofika m'diso m'mamilimita. Timagalasi ta m'thumba ta 10x25 timangopereka 2.5, n'chifukwa chake nantchengwa ataima pamthunzi cha m'ma 6 koloko m'mawa amangooneka ngati chitsa. Ndi 8x42 mumaona mpaka nthenga za kunkhongo kwake, komanso chisa chake chachikulu cha timitengo pamphanda ya mtengo.

Chomwe ambiri sachiganizira pogula n'chakuti magalasi azitha kuona bwino chinthu chapafupi. Awa amayamba kuona pa mamita awiri okha. Mumtsinje zambiri zili pamphuno pomwepo: tombolombo pabango, nkhanu pansi pa mwala, ng'azi ikuwothera dzuwa. Katumbu kumuona n'kwamwayi, koma yang'anani pamiyala yafulati ya m'mphepete mwa dziwe. Ndowe zoyera zodzaza zikamba za nkhanu ndi zake, ndipo mukhoza kuzizindikira osanyowetsa nsapato.

Chifunga cha June ndi July ku Dedza chimawononga magalasi otchipa: chinyontho chikalowa mkati chimasiya nthunzi, kenako chuku, ndipo simungapukute. Awa ndi omata bwino, mkati mwake muli mpweya wa nayitirojeni, choncho nthunzi imangogwira kunja.

Musanawanene kuti ndi oipa, atchuneni kaye. Pindani pakati mpaka maso onse aone bwalo limodzi. Phimbani galasi lakumanja, muzungulire kagudumu kapakati mpaka tsamba lina lioneke ngwee ndi diso lamanzere. Kenako phimbani lakumanzere, muzungulire kamphete ka pa diso lamanja kokha. Ovala mandala asatukule timakapu ta m'maso. Mutu ukamapweteka mutachita zonsezi, kapena nthambi ikamaoneka pawiri, ndiye kuti mwina magalasi anagwapo ndipo maprizimu, timagalasi ta mkati totembenuza kuwala, anasuntha. Mukagula a kaunjika, yesani zimenezi musanapereke ndalama.

Zofooka zilipo. Amalemera pafupifupi magalamu 630, ndipo pakatha maola atatu khosi limadandaula. Lamba wopingasa pamsana amathandiza. Chakumphepete kwa chithunzi sikuwala ngati pakati. Kwa mbira ili pathanthwe lakutali kapena anyani a tsidya lina la chigwa, 10x42 imaposa.

Ndipo magalasi sangakonze kayendedwe kanu. Yendani mphepo ikukuwombani kumaso, dzuwa lili kumsana, muziima mphindi zisanu pa dziwe lililonse. Mukaona mpheta kapena pusi, musachotsepo maso. Kwezani magalasi afike pamaso panu. Mukawerama kuwayang'ana pachifuwa, podzutsa mutu mupeza bango likungogwedera, mwini wake atapita.