Will Smith ndi Ice Cube: ndani sadataye rap polowa m'mafilimu?

Awiriwa ndi a msinkhu umodzi. Will Smith adabadwa mu 1968 ku Philadelphia, Ice Cube mu 1969 ku Los Angeles, ndipo onse adayamba ndi rap asanatchuke m'mafilimu.

Nyimbo za Smith zinali zanthabwala, zopanda kutukwana, zoti ungamvere uli ndi makolo ako. Mu 1989 iye ndi DJ Jazzy Jeff adalandira mphoto ya Grammy yoyamba ya rap. Koma ndalama adaziwononga msanga, ngongole ya msonkho nkumupanikiza, ndiye sewero la pa TV la The Fresh Prince of Bel-Air litabwera mu 1990 lidamupulumutsa. Kuyambira pamenepo nyimbo zidasanduka zapambali.

Cube ndi wina. Ali mu gulu la N.W.A ankalemba mawu aukali odzudzula nkhanza za apolisi, mpaka bungwe lofufuza milandu ku America la FBI lidalembera kalata kampani yawo ya nyimbo. Adatuluka m'gululi mu 1989 chifukwa chokangana pa ndalama. Mu filimu ya Boyz n the Hood ya 1991 adasewera ngati Doughboy, mnyamata wa m'dera longa lomwe iye adakuliramo, ndipo ukamuona atakhala pakhonde botolo lili m'manja, nkhope itakwinyika, sungaganize kuti akuchita sewero. Kenako mu 1995 adalemba nawo filimu ya Friday, osadikira kuti ena amulembere.

Pa kutchuka Smith ali patsogolo, nanga si adatenga mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2022, ngakhale usiku womwewo adamenya Chris Rock mbama pamaso pa dziko lonse. Koma mukandifunsa za rap, ine ndisankha Cube.