A dietitian anga sankaidziwa nsima, komabe ndinawalipira chaka chathunthu

Ndinachoka ku Istanbul ndi timabala tisanu pamimba, thumba la majakisoni oletsa magazi kuundana, ndi pepala limodzi la kadyedwe lomwe ndinaliwerenga n'kulimaliza ndege isananyamuke. Opaleshoni yanga inali ya gastric sleeve. Amadula chifu n'kuchotsa gawo lalikulu, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, n'kusiya kathumba kooneka ngati nthochi. Ntchito yonseyo inatha ola limodzi ndi kanthu. Pano ndikufuna ndikambe za anthu amene ndinawalipira nditabwerera kuno ku Leeds, ku England, kuti andiphunzitsenso kudya, chifukwa amayi angapo a kumpingo kwathu akhala akundiitanira pambali kufunsa ngati thandizo lotere lili ndi phindu kapena ndi njira chabe yodyera ndalama za anthu.

Ndili ndi zaka 43 ndipo ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba. Ndinkalemera makilogalamu 118, BMI (mlingo wa kulemera poyerekeza ndi kutalika kwa munthu) inali 45, shuga ndi BP zonse zinandipeza, mawondo ankalira ndikamakwera masitepe. Ku NHS, zipatala za boma za kuno, amaganizira za opaleshoni yotere BMI ikafika 40, kapena 35 ngati pali matenda ngati shuga, ndipo kwa ife anthu akuda mlingowo amautsitsako ndi 2.5. Ndinali woyenera ndithu, koma mzere ndi wautali ndipo mtima wanga sunathe kudikira. Ndinalowa chipeleganyu ndi anzanga a kuntchito, ulendo wanga utafika ndinakwera ndege.

Achipatala cha ku Istanbul analonjeza kuti azindithandiza pa WhatsApp. Funso lililonse lomwe ndinkatumiza, yankho linali lakuti ndimwe madzi ambiri. A GP anga, dokotala wa m'dera lathu kuno, anandiuza mosabisa kuti za mwadzidzidzi andithandiza, koma kulondoloza munthu wodulidwa chifu ndi ntchito ya akatswiri, ndiwafunefune. Ndi mmene ndinapezera kagulu kena pa intaneti: ma dietitian (akatswiri a kadyedwe) awiri ndi namwino mmodzi, mapaundi 55 pamwezi kwa miyezi 12. Pa ndalamayi pali kukumana pavidiyo kasanu ndi katatu, kabuku ka zakudya, mwayi wotumiza mafunso pafoni, ndi msonkhano wa pa Zoom kamodzi pamwezi ndi ena odulidwa ngati ine.

Kukumana koyamba kunali tsiku lachisanu ndi chimodzi nditadulidwa, ndipo ndalama ya mwezi umenewo inabwerera pomwepo. Mayi amene anandipatsa kuti azindiyang'anira, mzungu wa ku Yorkshire konkuno, sanayambe ndi za sikelo. Anafunsa mtundu wa mkodzo. Ndinati uli ngati tiyi wopanda mkaka. Nkhope yawo inasintha. Madzi anali akutha m'thupi, chifukwa ndikangomeza kawiri motsatizana pachifuwa pankathina, ndiye ndinkangozengereza kumwa. Anandiuza kuti nditenge kakapu kamankhwala ka mamililita 30, nditchere alamu pafoni, ndizipsontha pang'onopang'ono tsiku lonse mpaka ndifike lita imodzi ndi theka. Kenako anandilembetsa papepala zinthu zoti zikachitika ndisatumize uthenga kwa iwo koma ndithamangire ku A&E, chipatala cha odwala mwadzidzidzi: mtima kugunda mothamanga osaleka, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba kapena paphewa lakumanzere, kubanika, mwendo umodzi kutupa, kusanza kosalekeza. Pa zakusanzazo anatsindika kuti kukapitirira masiku, vitamini B1 amatha msanga m'thupi ndipo zimatha kuwononga mitsempha ndi ubongo. Pepalalo linakhala pachitseko cha fuliji miyezi itatu, ndipo bambo a kunyumba ankaliwerenga kuposa ine.

Tsono kabuku kaja. Kanalembedwa bwino: masabata awiri a zamadzimadzi zokha, awiri a zopota zosalala ngati phala la mwana, awiri a zofewa, kenako kuyamba zakudya wamba mosamala. Mapuloteni osachepera magalamu 60 patsiku. Osamwa kanthu pakudya, kudikira mphindi 30. Zakumwa za gasi ayi. Koma mukatsegula tsamba la zitsanzo mupeza cottage cheese, Weetabix, Greek yoghurt, mbatatesi yopota, tuna ya m'chitini. Ndinayang'ana masamba onse, sindinapeze chakudya chimodzi chomwe amayi anga angachizindikire. Sabata yachitatu ndinafunsa ngati ndingamwe phala. Anati la oats? Ndinanyamula foni kupita nayo kukhitchini, ndinawaonetsa ufa, nsinjiro, mthiko, ndi kapenta wogula kusitolo ya anthu a ku Zimbabwe. Apa ndiwayamikire: sananamizire kudziwa. Anatenga cholembera n'kumafunsa chilichonse kuti n'chiyani, chimaphikidwa bwanji. Phala la ufa wokha anati ladzaza sitachi ndipo lingondidzazira kathumba kanga pachabe, koma ndikaphikira mkaka, n'kuthira mkaka wa ufa wopanda mafuta ndi supuni ya nsinjiro yosefa bwino, likhala chakudya. Nyemba zophika mpaka kusungunuka n'kuzipera mu blenda anazivomereza. Kapenta wonyika, wophika ndi tomato n'kumupera, anamukonda kwambiri atamva kuti timadya ndi minga yomwe, chifukwa muli kashiamu. Fungo lake m'nyumba ya ku England yotseka mawindo m'nyengo yozizira ndi nkhani ina.

Pa nsima ndiye panali mlandu. Nditawaonetsa chithunzi anati ikufanana ndi polenta, naiika gulu limodzi ndi buledi, mpunga ndi pasta, zakudya zomwe zimafufuma n'kumata pakhomo pa chifu chatsopano. Anati ndidikire miyezi itatu. Ine mwana wa ku Ntcheu, amene sindinagonepo masabata asanu ndi awiri osakhudza nsima chibadwire, ndinaona ngati akukokomeza. Sabata yachisanu ndi chiwiri, Lamlungu, bambo a kunyumba akudya ndi therere, ndinatema mbamu ziwiri zokha. Yoyamba inapita. Yachiwiri inaima penapake pansi pa fupa la pachifuwa ngati mwala. Malovu anayamba kudzaza m'kamwa, thovu loyera lotanuka, ndipo ndinakhala pafupifupi ola ndikuyendayenda pakhonde ndi beseni m'manja mpaka zinabwerera.

Lolemba ndinaulula. Sanandikalipire, anangofunsa kuti ndinatafuna kangati. Ndinaseka ngakhale pakhosi panali pakuwawa. Nsima ndi therere amatafuna ndani? Timaumba m'manja, kuviika, kumeza. Dzanja ndi lomwe limagwira ntchito ya mano. Mayiwo anakhala kaye chete, kenako anati tsopano amvetsa vuto, ndipo silili mu ufa mokha. Lamulo lomwe amaphunzitsa aliyense ndi la 20: chakudya cholowa m'kamwa chisapose kandalama ka 20p, utafune ka 20, udikire pang'ono usanatapenso, ndipo mphindi 20 zikakwana uleke ngakhale m'mbale mwatsala. Tinagwirizana kuti ikadzafika nthawi, nsima izikhala yofewa, mbamu izikhala yaing'ono ngati ya khanda, nditafune ngati nyama, ndipo izikhala yomalizira. Ndiyambe ndiwo za nsomba, dzira kapena nyemba, kenako masamba, malo akatsala ndiye nsima.

Amene munakulira kwathu mukudziwa kulemera kwa zimenezi. Tili ana, wotapa ndiwo zambiri ankamenyedwa padzanja. Ndiwo ndi zoperekezera nsima, ndipo wodya ndiwo zokha ndi mwana wosaleredwa. Koma ine pa msinkhu wanga uno ndinkalipira mapaundi 55 pamwezi kuti mzungu andiuze kuti ndizidya ndiwo zokha. Pano ndimadya nsima kawiri pasabata, mbamu zitatu kapena zinayi, ndipo mtanda umodzi womwe kale unali woyambira chabe ungandikwanire masiku atatu.

Mwezi wachitatu tinali ndi chinkhoswe cha mwana wa mnzathu ku Bradford, ndipo mayi wina anafulula thobwa lenileni, lothira shuga mosaumira. Ndinamwa theka la kapu. Patangotha mphindi ngati 20 thukuta linangoti chuu, mtima ukugunda ngati ng'oma, chizungulire, m'mimba mukubwadamuka. Ndinakagona pampando wakumbuyo m'galimoto nditavala chilundu changa chatsopano. A dietitian anati imeneyo ndi dumping syndrome: shuga wambiri akathamangira m'matumbo nthawi imodzi amakoka madzi kuchokera m'magazi, ndipo pali inanso yobwera pakatha ola limodzi mpaka atatu, shuga wa m'magazi akagwa. Imavuta kwambiri amene anachita opaleshoni ina ya chifu yotchedwa bypass, koma ife a sleeve siitisiya. Zinali m'kabuku, tsamba lake ndinaliwerenga, koma zitsanzo zake zinali ice cream ndi chokoleti. Thobwa m'mutu mwanga linali chakudya.

Tsitsi linayamba kuthothoka mwezi wachinayi. Ndikamasula mangongo, lodzaza dzanja linkatsalira pachipeso. Ndinalira, osanama. Anandiuza kuti n'zofala pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, thupi likadzidzimuka ndi opaleshoni komanso kuwonda kwa msanga, ndipo limameranso. Anandiletsa kuwononga ndalama pa mapiritsi okwera mtengo a tsitsi, n'kuwonjezera kuti biotin wambiri amasokoneza zotsatira za kuyeza magazi kwina. Za kasamalidwe ka tsitsi lathu analibe chonena. Amene anandithandiza ndi mtsikana wondiluka, amene anakana kundiluka zothina kapena kundiika mankhwala owongola mpaka litalimba. Mwezi wachisanu ndi chinayi tinthenga tatsopano tinayamba kuoneka pachipumi.

Pali zomwe zinandikwiyitsa. Kuyeza magazi sikunali m'gulu la mapaundi 55 aja, ndipo ndinazidziwa nthawi yoyeza itafika. Zinalembedwa, inde, koma m'timalemba tating'ono kumapeto kwa mgwirizano. Amafuna uyezedwe pa miyezi 3, 6 ndi 12, ndipo ulendo uliwonse ndinkatulutsa mapaundi oposa 100. Mafunso a pafoni amayankha masiku a ntchito okha, pamene ngozi zanga zonse, ya nsima ndi ya thobwa, zinachitika kumathero a sabata, nthawi yomwe anthu timadya pamodzi. Msonkhano wa pa Zoom unkayamba 7 koloko madzulo, ine ndili pa basi kupita kuntchito. Chaka chonse ndinalowa kawiri.

Komabe kuyeza kumeneko n'komwe kunaonetsa kuti ayironi ndi vitamini D zatsika, pomwe ine kutopa konse ndinkakunamizira ntchito ya usiku. Vitamini D amavuta kale kwa ife akhungu lakuda m'dziko lopanda dzuwa lino. Anapeza kuti ndinkamwera piritsi la ayironi tiyi, limodzi ndi la kashiamu, ndipo zonse ziwirizi zimatchinga ayironi kulowa m'thupi. Anati ndizisiyanitse ndi maola awiri. Analembanso kalata yomveka bwino kwa a GP, ndipo kuchokera pamenepo ndimabayidwa jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse. Brufen yemwe ndinkamwa ngati maswiti chifukwa cha msana anandiletsa, poti amatha kuyambitsa zilonda m'chifu chodulidwa. Panado yekha. Chilungulira chinandizunza miyezi yoyamba ngakhale ndinkamwa omeprazole, mpaka anazindikira kuti ndimadya 8 koloko m'mawa ndikaweruka n'kugwera pabedi pomwepo. Tinasuntha chakudyacho kuti ndizidyera kuntchito cha m'ma 5, ndipo zinachepa. Za kudzimbidwa sindikambapo zambiri, mungodziwa kuti masiku anayi amatha, ndipo madzi ndi therere ndi abwenzi.

Chomwe sanathe kundithandiza n'komwe ndi amayi anga. Sindinawauze za opaleshoni, poopa kuti BP yawo ikwera. Mwezi wachisanu tikuyankhulana pavidiyo anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Mwana wanga, usandibisire. Unakayezetsa?" Kwathu munthu wonenepa akawonda mofulumira chonchi, aliyense amadziwa chomwe anthu akuganiza ngakhale sanena. Kumpingonso ena anayamba kundipatsa moni wa chisoni, wogwira dzanja ndi manja awiri. Nditawafotokozera a dietitian, anati thupi ndi langa, sindikakamizidwa kufotokozera aliyense. Mwina ku Yorkshire zimatheka. Ine ndinaimbanso foni n'kunena kuti, "Amayi, khalani pansi ndikuuzeni," n'kuwaonetsa timabala tija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mbali yomwe anachotsayo anandipatsa kuti ndibwere nayo.

Chaka chatha tsopano. Ndikulemera makilogalamu 81, a GP anandisiyitsa metformin, mankhwala a shuga, la BP latsala piritsi limodzi, ndipo khungu la m'mikono likulendewera moti malaya odula manja ndinagawa. Mukandifunsa ngati mungalipire gulu lotere, ndinena kuti ngati munadulidwira kunja ndipo palibe amene akukuyang'anirani, lipirani, makamaka miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Musanasaine funsani ngati kuyeza magazi kuli momwemo, ngati alipo woyankha Loweruka ndi Lamlungu, ndipo muwatchulire zakudya zitatu za kwanu muone ngati atenge cholembera kapena akubwezereni ku cottage cheese.

Chaka chachiwiri sindinalembetse, ndingoyezetsa magazi kamodzi pachaka monga anandilangizira. Tsiku lotsanzikana mayi aja anandipempha mndandanda wa zakudya zomwe tinapeza limodzi, ati ali ndi odwala ena awiri, wa ku Zambia ndi wa ku Zimbabwe. Mwezi watha ananditumizira kabuku katsopano. Pali tsamba limodzi la zakudya za kum'mwera kwa Africa, phala lili pa sabata yachitatu, nsima ili pa mwezi wachitatu ndi chenjezo loti itafunidwe. Nsinjiro analemba kuti "nsijilo", ndipo ndawatumizira uthenga kuti akonze.