Wi-Fi yokonda kuwodzera pa Linux: patatha miyezi isanu ndi itatu, mawu ena ndikubweza

Nditangoika Ubuntu 24.04, mtundu wina wa Linux, pa laputopu yanga yogula kwa munthu, ndinalemba mokalipa kuti aliyense azimitse power saving ya Wi-Fi (njira yosungira batire) tsiku loyamba lomwelo. Tsopano ndayenda nayo miyezi isanu ndi itatu, m'chikwama, m'minibasi, ku ofesi ndi kunyumba, ndipo theka la mawu amenewo ndikubweza.

Chimene chinandikwiyitsa nthawi ijayi n'chenicheni ndipo sichinasinthe. Ndikalowa pa seva kudzera pa SSH, njira yolamulira kompyuta ina uli patali, zilembo zinkabwera modukizadukiza ngati munthu wachibwibwi. Ndikapanga ping ku rauta imene ili pa tebulo lomwelo, kuyesa kuti iyankha msanga bwanji, yankho lina linkabwera nthawi yomweyo, lina n'kudikira mamilisekondi oposa 100. Ndinkayesa khadi la Wi-Fi ndi lowonongeka. Ayi ndithu, limangochita zimene linauzidwa. Khadi likakhala pa power save limauza rauta kuti likukawodzera, rauta n'kumalisungira katundu wake. Rauta zambiri zimatumiza chizindikiro chotchedwa beacon pa mamilisekondi 102.4 alionse, ndipo khadi limadzuka kudzamvera ngati pali zake. Phukusi la data likafika khadi litangotseka maso, lidikira basi. Pokopera fayilo yaikulu kapena poonera vidiyo simungazindikire, chifukwa khadi silipeza mpata wogona. Vuto limaonekera pa zinthu zobwera pang'onopang'ono monga kulemba pa SSH.

Khadi langa ndi la Intel, loyendetsedwa ndi driver ya iwlwifi, ndipo pa nkhani yogona ndi kudzuka silinandichititse manyazi. Ndikatsegula chivindikiro, Wi-Fi imakhala yalumikiza ndisanamalize kulemba password. Kuti muone ngati lanu likuwodzera, lembani iw dev, muone dzina la khadi, kenako iw dev dzinalo get power_save. Pa Ubuntu, amene amaliuza kuti lizigona ndi NetworkManager, pulogalamu yoyang'anira netiweki, kudzera m'kafayilo ka default-wifi-powersave-on.conf mu /etc/NetworkManager/conf.d, momwe mwalembedwa wifi.powersave = 3. Manambala akewo ndi msampha: 3 ndi kuyatsa, 2 ndi kuzimitsa, 1 ndi kuuza NetworkManager kuti isakhudzeko. Ine tsiku loyamba ndinaika 0 poganiza kuti 0 ndi kuzimitsa, ndipo ndinatha madzulo onse ndikudabwa kuti bwanji palibe chasintha.

Nanga chasintha maganizo anga n'chiyani? Mdima. Masiku amene magetsi ankazima kuyambira m'mawa, ndinkagwira ntchito pa batire, intaneti ndikutenga pa hotspot ya foni. Nthawi yambiri khadi limakhala lopanda chochita, ine ndikulemba kapena kuwerenga, ndiye kulisiya lili maso tsiku lonse kunali kutaya mphamvu pachabe. Phindu lake si lalikulu ngati la kuchepetsa kuwala kwa sikirini, ndisakunamizeni, koma batire yokalamba ngati yanga siyinyoza kakang'ono. Lero udindo umenewu ndinausiyira TLP, pulogalamu yosamalira batire pa Linux. Mwachibadwa chake imazimitsa power save chaja ikalowa, n'kuiyatsa chaja ikatuluka (WIFI_PWR_ON_AC=off ndi WIFI_PWR_ON_BAT=on). Mu NetworkManager ndinaikamo 1 kuti awiriwa asamalimbirane khadi limodzi. Dziwaninso kuti TLP ndi power-profiles-daemon, pulogalamu ina ya ntchito yofananayo, siziyendera limodzi, musankhepo imodzi.

Koma wakuba weniweni wa batire yanga sanali Wi-Fi n'komwe. Anali tulo ta laputopu yenizeniyo. Tsiku lina ndinaitseka masana, kufika kunyumba madzulo chikwama chili chofunda ngati muli mbatata yootcha, batire itatsala pang'ono kutha. Ndinalemba cat /sys/power/mem_sleep ndipo panatuluka mawu awiri, s2idle ndi deep, osankhidwa ali s2idle. Kusiyana kwake ndi uku: pa deep, yomwe ndi S3 yakale ija, firmware imadula magetsi pafupifupi ku chilichonse kupatula RAM. Pa s2idle makina sazimiratu. Chipangizo chilichonse chimayenera kudzigoneka chokha, ndipo chimodzi chikakana, purosesa nayo siifika pa tulo tofa nato. Zili ngati m'nyumba ya chipinda chimodzi, mwana mmodzi akamalira palibe amene amagona. Ndinaonjezera mem_sleep_default=deep pa mzere wa kernel mu GRUB, pulogalamu imene imayambitsa Linux makina akayaka, ndipo chikwama chinasiya kufunda. Mwayi wanga ndi woti laputopuyi ndi yachikale. Zambiri zatsopano zimangoonetsa s2idle yokha, ndipo pamenepo palibe chosankha, koma kusakasaka chipangizo chimene chikukana kugona.

Nkhani imene inanditengera masabata ambiri ndi ya ka-adapter ka USB kolowetsa waya wa netiweki, komwe ndimagwiritsa ntchito ku ofesi. Laputopu ikadzuka, magetsi a pa adapter ankayaka bwinobwino, koma intaneti njee. Kukazula n'kukabwezeretsa, zonse n'kuyenda. Ndinakatukwana kokwanira, mpaka ndinalemba script mu /usr/lib/systemd/system-sleep yoti makina akadzuka izichotsa driver ndi modprobe -r n'kuibwezeretsa. Script imeneyi inkagwira ntchito, ndipo ndinkadzitama nayo kwa mnzanga wa pa desiki yoyandikana. Iye ndi amene anandifunsa kuti, "Achimwene, simunakhudze za USB autosuspend?" Ankanena za kugoneka zipangizo za USB zikakhala zopanda chochita. Ndinakana kwamtuwagalu. Usiku ndikufufuza ndinapeza service imene ndinapanga ndekha sabata yoyamba, yoyendetsa powertop --auto-tune nthawi iliyonse makina akayaka. Lamulo limenelo silisankha: limagoneka chilichonse chimene lingathe, mbewa, kiyibodi, ndi adapter yomwe. Nditaichotsa service ija, n'kutenga nambala ya adapter pa lsusb n'kuiika mu USB_DENYLIST ya TLP, mndandanda wa zipangizo zosayenera kugonekedwa, vuto linatheratu, script ija n'kukhala yopanda ntchito. Ngati mukuwerenga malangizo akale mudzaona USB_BLACKLIST; dzina linasintha kuyambira TLP 1.4.

Za waya ndingotchulapo ziwiri mwachidule. Wake-on-LAN imasiya mbali ya khadi la waya ili maso kudikira phukusi lodzutsa makina, ndipo pa laputopu yoyenda nayo ilibe ntchito. TLP imaizimitsa yokha, kapena mutha kulemba ethtool -s dzina la khadi wol d. Ina ndi Energy-Efficient Ethernet, muyezo wa 802.3az wa 2010 wosungira magetsi pamene pa waya sipakudutsa kanthu. Anthu ambiri amathamangira kuizimitsa waya akamadukaduka. Ine ndinaona ndi ethtool --show-eee, ndinaisiya momwe inalili, ndipo sinandivutepo.

Chimene ndikudandaula nacho mpaka pano n'choti mabatani onsewa anamwazikana. Lina lili mu NetworkManager, lina mu TLP, lina mu GRUB, lina mu ma option a driver ngati power_scheme ya iwlmvm, ndipo palibe malo amodzi okuuzani kuti amene wagoneka khadi ndani. Munthu wongofuna kutseka laputopu n'kukwera minibasi sayenera kuphunzira zonsezi. Chimene chinandipulumutsa kangapo ndi journalctl -b -k, kuwerenga mizere ya pakati pa "PM: suspend entry" ndi "PM: suspend exit", chifukwa driver imene yalephera kudzuka nthawi zambiri imasiya phazi pamenepo.

Ndiye mmene zilili lero: power save ya Wi-Fi imayaka pa batire pokha, tulo ndi deep, adapter ya USB siigonekedwa, powertop ndimangoonera manambala osailola kusintha kanthu. SSH pa batire ikadali ndi chibwibwi chake chija. Ndikafuna kulemba kwa nthawi yaitali magetsi kulibe, ndimalemba sudo iw dev wlp3s0 set power_save off (wlp3s0 ndi dzina la khadi langa), ndipo ndikamaliza ndimaiwala kubwezeretsa pafupifupi nthawi zonse.