Chiponde cha It's Wild! ndi ndalama ya mlimi wa ku Luangwa

Anzanga a mu Lusaka, ngati simunalaweko chiponde cha It's Wild! kachiyeseni, chimapezeka m'masupamaketi akuluakulu. Nshawa zake ndi zokazinga bwino, fungo lenilenilo la Kum'mawa, pa buledi chimakoma, m'phala la ana chimakoma, ine ndimatendera nacho ngakhale chibwabwa nsinjiro zikatha. Mpunga wao wa Chama nawo ukauphika fungo limafika mpaka kwa aneba. Mtengo ndi wokwererako kusiyana ndi cha m'mabotolo opanda lebo cha ku msika wa Soweto, koma ine ndimalipira mtima uli m'malo chifukwa cha komwe ndalamayo ikupita.

Opanga ake ndi a COMACO, bungwe losamala chilengedwe lomwe limagula zokolola kwa alimi, anayamba mu 2003 ku chigwa cha Luangwa pansi pa Dale Lewis. Mlimi amapereka mfuti ndi mawaya otchera nyama, amaleka kutentha munda ndi kugwetsa mitengo ya malasha, amabzala mitengo ya gliricidia m'mizere kuti nthaka ibwerere popanda kudalira feteleza yekha, ndiye a COMACO amagula nshawa, soya, mpunga ndi uchi wake pa mtengo wabwinoko kuposa wa ogula oyendayenda aja obwera ndi sikelo zokayikitsa nthawi yokolola pomwe munthu wapanikizika ndi zofunika za ana kusukulu.

Apa ndi pomwe ndimawayamikira maningi. Kuuza munthu kuti usaphe nyama, usawotche malasha, pomwe njovu yamudyera chimanga usiku umodzi, ndi nkhanza ngati sumupatsa china chodyera. Chilala cha 2024 chija chinaonetsa poyera, munda ukapsa anthu amathamangira kunkhalango chifukwa kulibe kwina.

Palinso ndalama za kaboni zomwe madera amalandira posunga nkhalango, zambiri zimadutsa kwa mafumu ndi makopaletivu n'kukathera ku zitukuko za onse ngati mijigo. Zabwino ndithu, madzi ndi moyo wa mudzi, koma mjigo sugula mbewu kapena yunifomu. Kwa ine ndalama yomwe imasintha pakhomo ndi ija mayi amalandira m'manja mwake tsiku logulitsa matumba ake a nshawa, ndipo ndikanakonda mabungwe onse osamala chilengedwe awonjezere mbali imeneyo, osati kungosonkhanitsa anthu pansi pa mtengo kuwauza za kusintha kwa nyengo.

Uchi wao nawo ndi wabwino mu tiyi, ukauona pashelufu tengani chabe.