Miyezi 8 m'galimoto yogonamo: madzi ndiwo akutilamulira

Mu Okutobala chaka chatha, ine ndi mayi akunyumba titapuma pa ntchito ku Indiana, kuno ku America, tinagula galimoto yogonamo, imene kuno amaitcha RV. Inali yogwiritsidwapo kale, yotalika mamita 7. Tayenda nayo m'chipululu cha Arizona, New Mexico ndi California, ndipo tsopano ndaidziwa mokwanira kuti ndinenepo maganizo anga.

Pogula ndinkayang'ana injini ndi bedi. Ndikanadziwa, ndikanayamba ndi thanki ya madzi. Yathu imalowa malita 150, ndipo anthu awiri tikasamala amatifikitsa masiku asanu basi. Pa malo a boma oyang'aniridwa ndi BLM, nthambi ya boma yoona za malo, munthu amaloledwa kukhala masiku 14 osalipira, koma ife sitinakwanitsepo, chifukwa madzi amatha msanga. Mphika wa nsima ndiwo umamwa madzi ambiri. Mayi anayamba kuuviika usiku kuti nkhoko zifewe, m'mawa n'kuzipala ndi chipande asanatsuke, monga ankachitira ali mtsikana ku Ntcheu kumene madzi ankachokera pamutu. Nzeru imeneyi yatiwonjezera tsiku lathunthu. Posamba timathira m'beseni, shawa tinaisiya.

Mafuta imamwa kwambiri: lita imodzi makilomita anayi, ndipo mphepo ikakumana nafe pa msewu wa Interstate 10 amachepera pamenepo. Chiwongolero chimafuna manja onse awiri lole ikamadutsa.

Chimene sindinayembekezere ndi kuzizira. Ku Grand Canyon, mbali ya kummwera, ndi pamtunda wa mamita oposa 2,000, ndipo usiku wina mu Novembala madzi anauma kukhala ayezi m'paipi mpaka inang'ambika. Tinathawira kumunsi, ku Quartzsite, kumene mu Januwale magalimoto otere amadzaza chigwa chonse. Kumeneko bambo wina wachikulire woyandikana nafe anandiphunzitsa kulumikiza paipi, ndiponso kusaimika galimoto mu khwawa louma ngakhale kumwamba kulibe mtambo, pakuti madzi osefukira amabwera kuchokera kumapiri akutali.

Sola wa padenga sanatigwiritsepo fuwa lamoto. Magetsi ndi mafoni sizinazimepo. Firiji ndiyo imafooka kukatentha. Ku Death Valley mu Malichi, titatsikira ku Badwater, mamita 86 pansi pa mlingo wa nyanja, mkaka unasasa tsiku lomwelo. Fumbi nalo limalowa paliponse, ngakhale m'madilowa otseka, ndipo dzuwa lang'amba-ng'amba phula lomatira denga.

Khadi ya Senior Pass yolowera m'mapaki a boma, imene nzika ndi okhazikika a zaka 62 kupita m'tsogolo amagula kamodzi pa madola 80, inabweza ndalama yake m'mwezi woyamba. Ndi iyo tinalowa ku Saguaro pafupi ndi Tucson, ndi ku White Sands kumene mchenga ndi woyera ngati ufa woyera ndipo sutentha kumapazi. Mayi anayendapo opanda nsapato, akuseka, chinthu chimene sindinachione pa zaka zonse za mashifiti a usiku kuchipatala.

Galimotoyi sindikuigulitsa. Koma wofuna yake asankhe ya thanki yaikulu, ndipo akwere padenga asanapereke ndalama. Pano tili m'nkhalango ya paini pafupi ndi Flagstaff kuthawa kutentha kwa Juni, ndipo mawa ndikumata denga mvula ya mu Julaye isanafike.