Pixieset ya ulere, miyezi 8 ndikuigwiritsa ntchito ngati potifoliyo yanga

Ine ndimajambula maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower ndi ma graduation kuno ku Zomba, nthawi zina ku Blantyre akandiitana, ndipo kwa zaka zitatu potifoliyo yanga inali WhatsApp basi. Munthu akafunsa kuti tione nawo ntchito zanu, ndimalowa mu gallery ya foni nkuyamba kusakasaka, kutumiza zithunzi 40 zosalongosoka, china cha ukwati china cha mwana wa mlongo wanga akudya mango, zonse zitafinyidwa ndi WhatsApp mpaka veil ya mkwatibwi kumaoneka ngati neti ya udzudzu. Chinandidzutsa ndi mayi ena a bungwe lina lomwe limafuna wojambula ku msonkhano wawo, anangondiyankha kuti achimwene tumizani linki, ine linki ndilibe, ntchito inapita kwa wina. Tsiku lomwelo usiku ndinatsegula akaunti ya Pixieset.

Kwa amene simukuidziwa, ndi kampani ya ku Vancouver ku Canada, inayamba cha mu 2013, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi ma gallery opatsira makasitomala zithunzi zawo, koma ilinso ndi mbali yopangira webusaiti. Pulani ya ulere amakupatsa 3GB, safunsa khadi ya ku banki polembetsa, imelo yokha basi, ndipo ichi ndi chimene chinandikoka chifukwa ndinali nditayang'ana kale Adobe Portfolio yomwe ndi yabwino ndithu koma imabwera pokhapokha ukulipira kampani ya Adobe mwezi ndi mwezi mu madola. Behance, tsamba lina loonetserapo ntchito zako, ndi ya ulere, nayonso ndi ya Adobe yomweyo chiigulireni mu 2012, koma kumeneko kwadzaza ma designer, mayi amene akufuna wojambula chinkhoswe cha mwana wawo sakafikako.

Ndiyambe ndi 3GB ija poti ndi funso limene aliyense amandifunsa, kuti si yochepa kodi. Ukamaika zithunzi mmene zachokera mu kamera ndi yochepa zedi, kanga ka Canon 600D kakale kaja ka 18 megapixel kamatulutsa JPEG imodzi ya 6MB kapena kupitirira, ndiye ukwati umodzi wokha watha theka. Koma potifoliyo sifuna zimenezo. Ine mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, ndimachepetsa mbali yaitali ya chithunzi kufika ma pixel 2048, quality pa 80, chithunzi chimatuluka chosakwana 1MB ndipo pa foni kaya pa laputopu palibe angaone kusiyana. Mwanjira imeneyi ndili ndi ma collection (magulu a zithunzi) 5 a potifoliyo ndipo malo akadalipo ambiri oti ndiziperekera ntchito za makasitomala, akadawuniloda ndimadikira masabata awiri nkufufuta. Bando nayonso imapuma, pajatu kuika 2GB pa intaneti ndi ndalama yoti ukanagula ndiwo za masiku angapo.

Tsopano chimene sindinayembekezere. Ndimaganiza kuti chovuta chikhala makina, kudinadina kuja, koma ayi zimenezo zinanditengera ola limodzi, ma template ake ndi oyera bwino opanda zokongoletsa zambirimbiri, umasankha cover, umalemba dzina la collection, wamaliza. Chinandigoneka mochedwa sabata yathunthu ndi kusankha zithunzi. Ukaziika pamodzi mu grid yoyera chonchija chithunzi chofooka chimakuwa chokha, pa Facebook chimabisala pakati pa ma comment a "mwatchena" koma apa palibe pobisala. Ndinayamba ndi 120 za maukwati, ndinaona kuti pafupifupi 30 ndi chithunzi chimodzimodzi, mkwati ndi mkwatibwi atagundanitsa zipumi kumbuyo kuli mtengo, kungosintha anthu ndi mtundu wa suti. Ndinachita manyazi ndekha m'chipinda. Ndinadula mpaka 24.

Ndipo chimene chinatsala pa cover si cha mkwatibwi nkomwe. Ndi cha agogo ena pa chinkhoswe ku Thondwe, nthawi ya perekaniperekani, atavala chitenje cha banja ndi duku yopendekeka, dzanja lili m'mwamba ma K50 atatu akuuluka kupita mu lichero, pakamwa pali yasa akuimba, mano awiri okha akutsogolo, kumbuyo kwawo ankhoswe akuseka atagwira tambala m'khwapa. Ndinachijambula ndi lens ya 50mm f/1.8 dzuwa likupendeka ndipo kunena zoona focus ili pa dzanja osati pa maso, mnzanga wina wojambula anati chichotse ndi cholakwika, koma makasitomala atatu mwa amene andipatsa ntchito chaka chino anatchula chithunzi chomwecho pa foni, wina anati ndikufuna amayi anga muwajambule ngati agogo aja. Ndisanachiike ndinayenda kukapempha kwa eni banja, izi musamaiwale anzanga, munthu anakulipira kuti umujambule osati kuti umupachike pa intaneti, ena amakana ndipo ali ndi ufulu, banja lina linandiuza kuti ikani koma ana ayi, ndinamvera.

Mbali ya makasitomala ndi imene yandisangalatsa koposa. Gallery iliyonse utha kuiikira pasiwedi, ndipo pali PIN ina yapadera yodawunilodera, ndiye amene sanamalize kulipira ndimamupatsa linki aone zithunzi zake zonse, asangalale, atumizire azakhali ake ku Johannesburg, koma PIN imabwera balansi ikalowa. Kale ndimapereka zithunzi pa flash disk nkumayenda miyezi iwiri kulondola K40,000 yanga, munthu akungoti mawa aise mawa. Panopa sindikangana ndi munthu. Palinso kamtima kamene kasitomala amadina pa zithunzi zimene wazikonda, zimapanga list yake, ine ndimangoona kuti wasankha izi 30 zoti zipite mu album. Amene munakhalapo pa mkeka ndi banja lonse kuzungulira laputopu imodzi, apongozi akuti ichi, mkwatibwi akuti ayi ndaoneka wonenepa, batire ikutha magetsi kulibe, mukudziwa chimene ndikunena.

Koma kamtima kaja kamafuna munthu alembe imelo yake kaye, ndipo apa ndi pamene anthu athu ambiri amaimira. Achinyamata alibe vuto, koma bambo a zaka 60 amene foni anawatsegulira ndi mdzukulu sadziwa nkomwe kuti ali ndi imelo, amangojambula screenshot nkunditumizira pa WhatsApp kuti ichi ndi ichi, ndiye tabwerera komwe tinachoka. Zonse zilinso mu Chingerezi, ndimachita kujambula ka voice note kofotokoza kuti dinani apa kenako apa. Ndipo kumene netiweki ndi yofooka gallery ya zithunzi 300 imatseguka mwa apo ndi apo, kasitomala wina wa ku Phalombe anandiimbira kuti linki yanu ndi yakufa pamene vuto linali bando yake, anagula ya WhatsApp yokha yosatsegula masamba ena. Chimenechi chichenjereni kwambiri, anthu ambiri kuno intaneti yawo ndi ma social bundle, ndiye potifoliyo ya pa webusaiti siingalowe m'malo mwa Facebook page ndi status, imangothandizana nazo. Ine ndimaponyabe zithunzi ziwiri zitatu pa status, linki pansi.

Pixieset ili ndi sitolo yogulitsira ma print ndi ma download, pa pulani ya ulere amadulapo 15% pa chilichonse wagulitsa. Kwa ife kuno mbali imeneyi ingoiwalani, malipiro ake ndi a makhadi ndi PayPal, mulibe Airtel Money mulibe Mpamba, ndipo malabu osindikiza amene analumikizana nawo ali kunja, palibe angadikire chithunzi cha 8x10 kuchokera ku America pamene m'tauni achitsuka tsiku lomwelo. Ndinaizimitsa.

Za kukweza pulani kuti ndichotse dzina lawo pa adiresi, poti ya ulere imakhala dzina lako kenako pixieset.com, ndinayesapo kamodzi. Mitengo ili mu madola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse cha mu madola ukachitembenuza chimaluma. Ndinalimba mtima ndithu koma khadi yanga inakanidwa kawiri, nditapita ku banki kwanga anandiuza za malire a forex ndi mafomu oti ndilembe, ndinangotuluka. Nditakhala pansi ndinaona kuti palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe anandifunsapo chifukwa chake adiresi ili ndi dzina la kampani ina, iwo amangodina. Ndiye ndikadali pa ya ulere mpaka lero, mwina ndikadzayamba kugwira maukwati anayi pa mwezi nkhani ya malo idzandikakamiza.

Ena amati bwanji osangogwiritsa Google Drive poti ndi 15GB ya ulere. Ndimaigwiritsa posungira, koma kutumizira munthu folder ya mafayilo olembedwa IMG_4417 kuti aone luso lako zili ngati kulandira mlendo nkumupatsa nsima mu mpoto momwe. Instagram ndi yabwino pokopa anthu koma imachepetsa zithunzi, imadula zoimirira, ndipo chithunzi chako chabwino cha chaka chatha chakwiririka pansi. Pa Pixieset ndimasanja ndekha kuti choyamba ichi chomaliza ichi ndipo zimakhala momwemo.

Mmene ndasanjira panopa: collection ya maukwati ndi zinkhoswe 24, ya ma graduation 15 zambiri za panja pa Great Hall, ya ma portrait 12, ya misonkhano ndi ntchito za mabungwe 18 poti amenewa ndi amene amalipira bwino, ndi ina ya zanga zokonda ndekha, minda ya tiyi ku Mulanje m'mawa nkhungu isanachoke ndi asodzi akukoka makoka ku Senga Bay. Wofuna wa msonkhano ndimamutumizira linki ya misonkhano yokha, asamavutike ndi ma keke.

Pa 10 ndikuipatsa 8, ziwirizo ndachotsa chifukwa cha imelo ija ndi sitolo yosatigwirira ntchito. Mayi a bungwe aja ndinawalemberanso mwezi wa Juni ndi linki, sanayankhe sabata zitatu, kenako anangoimba kufunsa ngati ndili free Lachinayi ndiponso ngati ndili ndi flash yoti ikwane holo yaikulu, ndinati ilipo, ndinakabwereka kwa mnzanga uja amati ndichotse chithunzi cha agogo.