Uphungu wa ngongole kwa anthu apabanja: ngwothandiza, koma samalani ndi ngongole yophatikiza

Anzanga angapo andifunsa ngati kupita kwa mlangizi wa ngongole limodzi ndi amuna anga kunatithandiza, kapena kunali kungowonjezera bilu ina pamwamba pa zimene tinkalephera kale kubweza. Kunatithandiza kwambiri. Komabe pali chinthu chimodzi chimene ofesi imene tinapitako imakankhira anthu, ndipo chimenecho musachivomere tsiku lomwelo.

Lamulo lawo loyamba ndi lakuti munthu wapabanja samulandira yekha. Amuna anga ankafuna kupita okha kaye kuti akamve mmene zimakhalira, koma pa foni anawayankha kuti, "Bambo, ngongole ya pakhomo siisankha amene anasaina. Mubwere ndi mayi." Anatiuzanso zoti titenge: mapangano onse a ngongole, masitetimenti a ku banki, mapesilipi, ngakhale mauthenga a pa foni okumbutsa za ngongole zing'onozing'ono zija munthu amatenga usiku n'kuziiwala m'mawa.

Mlangizi wathu anali mayi wachikulire wolankhula pang'onopang'ono. Anatenga pepala limodzi lalikulu n'kulijambula mizere ndi pensulo: wobwereketsa, ndalama zotsala, chiwongoladzanja, tsiku lolipira, chilango ukachedwa, chikole. Akamalemba ankatembenuza pepalalo kuti liyang'ane ife, iwo n'kumalemba chozondoka. Titatchula zonse zimene tinkazidziwa, anafunsa kuti, "Pali ngongole ya munthu wina imene mmodzi wa inu anasainira ngati mboni?" Amuna anga anakhala chete kanthawi, kenako anatchula ya mlamu wanga, mng'ono wawo. Sanandibisire mwadala ayi, kungoti m'mutu mwawo siinali yathu chifukwa ndalamazo sitinazigwire. Mayiwo anafotokoza kuti wosainira mnzake monga womuimira amavomera kubweza ngati mwiniwake walephera, choncho ngongoleyo iyenera kukhala papepala ngakhale mlamuyo akulipira bwino. Anailemba mmunsi mwenimweni. Ataona nkhope yanga anangoti, "Mayi, lero tikuwerenga, sitikuzenga mlandu." Chiganizo chimenecho chinapulumutsa tsikulo. Kunyumba nkhani yomweyi ikanathera m'kukwiyirana.

Pa nkhani ya chiwongoladzanja m'pamene ndinaona kuti ndalama zimene amalipiritsa sizinapite pachabe. Anthu ambiri timangomva nambala ya peresenti osafunsa kuti ndi ya pamwezi kapena pachaka, ndiponso akuiwerengera pa chiyani. Anatisonyeza pa kakyuleta kuti katapila wa 10 peresenti pamwezi, ukamangomusiya kuti chiwongoladzanja chizibereka chinzake, pakutha pa miyezi 12 ngongole imakhala itaposa katatu zimene unatenga. Anatisonyezanso kusiyana kwa chiwongoladzanja chowerengera pa ndalama zotsala ndi chowerengera pa ndalama yonse imene unatenga poyamba. Chachiwirichi chimamveka chochepa, koma umapitiriza kulipirira ndalama zimene unabweza kale. Ngongole ya chaka chimodzi yobweza mwezi ndi mwezi, ya 20 peresenti yowerengedwa motero, kwenikweni imafika pafupifupi 35 peresenti. Ngongole yathu ya katundu wa m'nyumba inali yamtundu umenewu.

Pa funso lakuti tiyambe kupha ngongole iti, ine ndi amuna anga tinasiyana. Iwo ankafuna kuyambira ya chiwongoladzanja chachikulu, pakuti mwamasamu ndiyo njira imene umalipira zochepa. Ine ndinkafuna kuyambira yaing'ono kuti mayina a otilondola achepe msanga. Mlangizi sanaikire kumbuyo aliyense. Anavomereza kuti masamu ali kumbali ya bambo, koma anatiuzanso za kafukufuku wa mu 2012 wa David Gal ndi Blakeley McShane a ku Northwestern University, amene anapeza kuti anthu omwe amatseka ngongole imodziimodzi n'kuiona itatheratu ndiwo kawirikawiri amafika pomaliza zonse. Tinagwirizana kuyamba ndi ya pa foni ndi ya katapila, zimene zinali zazing'ono komanso zoluma, kenako kutsata chiwongoladzanja. Zinazo tinkalipira mlingo wochepa wofunika kuti chilango chisabwere, ndipo ikatha imodzi, ndalama zimene tinkaikako zimasamukira ku yotsatira.

Anaumiriranso kuti aliyense akhale ndi kandalama ka m'thumba kamene safunsidwa, komanso kuti tiziika kenakake pambali kodikira matenda ndi zadzidzidzi. Poyamba amuna anga anakana, akuti munthu wangongole sasunga. Koma popanda kameneko, mwana akadwala umabwerera kwa katapila yemwe uja.

Makalata opempha obwereketsa kuti atifewetsere anatilembera iwo. Mmodzi anavomera kuchotsa zilango zochedwera, wina anakana.

Tsopano chimene sindinasangalale nacho. Titayamba kuyenda bwino, munthu wina wa pa ofesi pomwepo, osati mlangizi wathu, anatiitanira m'chipinda china n'kutiuza za ngongole imodzi yaikulu yoti ilipire zina zonse, kuchokera ku kampani imene amagwira nayo ntchito. Pepala limene anatipatsa linali ndi nambala imodzi yolembedwa mokuza: zolipira pamwezi, zotsikadi poyerekeza ndi zimene tinkalipira. Chimene sanachikuze n'chakuti zaka zobwezera zinawonjezeka, panali ndalama yolembetsera ndi inshulansi, ndipo ankafuna chikole pomwe ngongole zathu zambiri zinalibe chikole. Titafika kunyumba tinachulukitsa zolipira pamwezi ndi chiwerengero cha miyezi, monga mmene mlangizi wawo yemwe anatiphunzitsira, ndipo zonse pamodzi zinaposa zimene tikanalipira potsata pepala lathu. Tinakana. Anatiimbirabe foni mobwerezabwereza mpaka amuna anga anawauza kuti asiye. Sindikunena kuti kuphatikiza ngongole n'koipa nthawi zonse. Kwa banja limene lamira m'katapila kumatha kuthandiza, ngati chiwongoladzanja chatsopano chili chotsikadi. Koma ofesi imene umaiululira zinsinsi za m'nyumba mwako inayenera kunena poyera ngati imalandira kenakake ukasaina. Mukapita, funsani zimenezo mwachindunji, ndipo pemphani kuti akulembereni ndalama zonse zimene mudzakhale mutalipira pofika mwezi womaliza.

Kwina kumene akuperewera ndi ngongole za kwa achibale. Pa fomu yawo palibe malo ake, chifukwa zilibe chiwongoladzanja kapena tsiku lolipira, choncho mwamasamu zimakankhidwira kumapeto. Koma ndalama zimene tinabwereka kwa achemwali anga ndizo zinkandisowetsa tulo kuposa za ku banki, pakuti a ku banki sindikumana nawo pa maliro kapena pa ukwati. Nditanena zimenezi mlangizi anamvetsa, koma analibe malangizo ena kupatula kuti tikambirane nawo. Tinawonjezera tokha mzere papepala, tinawaimbira achemwali tili limodzi, ndipo amuna anga ndiwo anatchula mwezi umene tidzayambe kubweza ndi kuchuluka kwake. Mabanja amene ngongole zawo zambiri zili kwa abale adziwiretu kuti mbali imeneyi akaigwira okha.